Gold Monster 1000: makina abwino, koma si aja mumaona pa TV

Mapulogalamu osaka golide a pa Discovery ndi timavidiyo ta pa YouTube zachititsa kuti anthu ambiri kuno ayambe kufunsa za ditekita, makina aja ofufuzira zitsulo pansi pa nthaka. Dzina limene limatchulidwa kawirikawiri pakati pa oyamba kumene ndi Gold Monster 1000 ya Minelab, kampani ya ku Adelaide m'dziko la Australia. Makinawa anatuluka mu 2017, ndipo mtengo wake ku America unali pafupifupi madola 800. Kuti afike m'manja mwanu ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, wonjezeranipo ndalama zonyamulira, msonkho wa pachipata, komanso mtengo weniweni umene mungapezere dola. Si ndalama zongotulutsa chifukwa mtima wadumpha poonera kanema.

Pa ntchito imene anawapangira, makinawa amagwira bwino ndithu, ndipo munthu amene sanagwirepo ditekita atha kuyamba nawo tsiku lomwelo. Vuto ndi lakuti ntchito imeneyo ndi yochepa kusiyana ndi imene woonera TV amaganiza.

Zimene kanema sakuuzani

Pulogalamu imene yakopa anthu kwambiri ndi Aussie Gold Hunters, yomwe inayamba mu 2016. Imatsatira magulu a anthu osaka golide ku Western Australia, Victoria ndi madera ena, gulu lililonse litadziikira mlingo wa ma ounce amene likufuna kupeza pa nyengoyo. Ounce imodzi ya golide ndi magalamu 31.1. Mukayang'anitsitsa makina amene anthuwa anyamula, nthawi zambiri ndi amtundu wa GPX kapena GPZ 7000, a kampani yomweyo ya Minelab koma amtengo wa madola masauzande angapo. Kapangidwe kake n'kosiyana. Ma GPX amaponya mphamvu pansi modukizadukiza kenaka n'kumvetsera, ndipo zimenezi zimawathandiza kunyalanyaza dothi lodzala chitsulo n'kumva m'bulu waukulu wa golide umene uli pansi kwambiri. Gold Monster ndi yamtundu wa VLF, imene imaponya mphamvu mosalekeza pa 45 kHz, kutanthauza kuti mphamvuyo imagwedezeka ka 45,000 pa sekondi imodzi. Mlingo umenewu ndi wokwera, choncho imamva timibulu ting'onoting'ono kwambiri, koma sifika patali, ndipo dothi loipa limaisokoneza msanga.

China n'chakuti kanema amadula. Ntchito ya masabata angapo imapanikizidwa kuti ikwane m'mphindi zosakwana 60, ndipo chimene amataya ndi maenje mazanamazana amene munatuluka misomali, timawaya ndi zipolopolo zakale. Ena mwa magulu aja ali ndi mathirakitala opalira nthaka, choncho ditekita imayenda pamalo amene dothi lapamwamba lachotsedwa kale. Komanso Australia ndi dziko la mibulu ikuluikulu. Hand of Faith, m'bulu wolemera makilogalamu 27, unapezeka ndi ditekita mu 1980 pafupi ndi Kingower ku Victoria. Nthaka ya kumeneko inasunga golide mwa mtundu umenewo. Si nthaka iliyonse.

Apa ndiye pagona nkhani yonse kwa wogula wa kuno. Ditekita simva kuchuluka kwa golide amene ali m'dothi. Imamva chidutswa chimodzi pachokha. Koyilo, kambale kaja ka kunsonga kwa ndodo kamene mumayendetsa pamwamba pa nthaka, ikaponya mphamvu pansi, timagetsi timazungulira m'kati mwa chidutswa cha chitsulocho, ndipo makina amamva kuzungulira kumeneko. Chidutswa chikachepetsetsa, timagetsito timasowa pozungulira. Fumbi la golide lomwazika mumchenga silimalumikizana, kambewu kalikonse kali pakokha, choncho mutha kuyendetsa koyilo pamwamba pa mchenga umene ungakupatseni magalamu angapo m'beseni koma makina osalira n'komwe. Ngakhale kabotolo ka golide waufa kamene kadzaza ndithu kamalira mofooka modabwitsa poyerekeza ndi m'bulu umodzi wolemera chimodzimodzi.

Golide wambiri amene anthu akupeza ku Makanjira m'boma la Mangochi, m'chigwa cha Lisungwi ndi m'mitsinje ina amatuluka potsuka mchenga m'mabeseni, ndipo ambiri amakhala waufa kapena timapalepale topyapyala. Musanagule makina aliwonse, pitani kumalo amene mukufuna kukagwirako ntchito, mukapemphe kuona golide amene anthu atsuka asanamuthire mekyule. Ngati ndi ufa wokhawokha, ndalama zanu zikagwira ntchito yabwino mukagula pampu, makapeti ndi chotsukira. Ngati muli timibulu toti mutha kutola ndi zala n'kumva kagwa "ti" m'mbale, Gold Monster ili ndi ntchito pamenepo. N'chifukwa chake m'madera ena a ku Zimbabwe ndi ku Manica ku Mozambique, kumene golide wamibulu amapezeka, ditekita inasanduka chida cha tsiku ndi tsiku.

Zili m'bokosi

Makinawa amalemera pafupifupi makilogalamu 1.3 musanaike batire, ndiye kuti mkono sutopa msanga. Pali makoyilo awiri: lozungulira la mainchesi 5, ndi lotalikirapo la mainchesi 10 kwa 6. Funsani wogulitsa ngati onse awiri alimo, chifukwa m'misika ina amaikamo limodzi lokha. Laling'onolo ndi limene limaonetsa luso la makinawa: limalowa pakati pa miyala ndi zitsa, limamva kagolide kakang'ono kwambiri, ndipo silisokonezeka kwambiri ndi dothi chifukwa limaona dothi lochepa nthawi imodzi. Lalikulu ndi loyendera malo otambasuka pofufuza poyambira. Makoyilo onse atha kumira m'madzi mpaka mita imodzi, koma kabokosi ka mabatani kamangopirira mvula yowaza. Kakagwera mumtsinje, basi mwataya.

Pa nkhani ya moto anaganiza bwino. Pali batire yotchaja, komanso kachikwama koikamo mabatire 8 amtundu wa AA. Kumigodi yambiri kulibe magetsi, choncho chingwe chotchajira kuchokera ku batire ya galimoto kapena ya sola ya 12V n'chofunika kwambiri, ndipo onetsetsani kuti chilimo. Mabatire otchipa a m'magolosale aja, opepuka m'manja, amatha msanga ndipo ena amatulutsa madzi n'kudya timawaya ta m'kachikwamako. Gulani a alkaline, ndipo muziwachotsa makina akakhala masiku osagwira ntchito.

Ndodo yake ndi ya zidutswa zolumikiza, osati yokoka n'kufupikitsa. Imachedwetsa popakira ndipo ambiri amadandaula nayo. Ubwino wake ndi wakuti kabokosi ndi chogwirira mkono zimamangika pa ndodo iliyonse yowongoka ya kukula kofanana, ngakhale mpini wa tsache, ndiye ndodo ikathyoka kutchire ntchito siima. Kachilema kena: mukawaika pansi pamalo osalingana amakonda kugwa cham'mbali, galasi n'kukhudza miyala.

Kayatsidwe ndi kayendetsedwe

Mabatani ndi ochepa: loyatsira, la mphamvu ya kumva, la kukweza mawu, ndi losinthira kafufuzidwe. Mukayatsa, nyamulani koyilo m'mwamba kutali ndi chitsulo chilichonse, muigwire osagwedeza kwa masekondi angapo kuti makina asankhe okha njira yopanda phokoso la magetsi. Kenaka pezani malo opanda chitsulo, mukweze ndi kutsitsa koyilo pang'onopang'ono, kuchokera pafupi ndi nthaka kufika masentimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, mpaka kulira kwa dothi kutazilala. Pamenepo makina azolowera dothi la malowo, ndipo amapitiriza kudzikonza okha pamene mukuyenda. Mtundu wa dothi ukasintha, mwachitsanzo kuchoka pa mchenga kulowa pa katondo, imani mubwereze.

Mphamvu ya kumva ili ndi masitepe 1 mpaka 10 osankha nokha, ndi ena awiri odziyendera okha, Auto ndi Auto+. Oyamba kumene pafupifupi onse amathamangira pa 10 poganiza kuti akatero afika pansi kwambiri. Chimene chimachitika n'chakuti koyilo imayamba kulira ikangogunda udzu kapena mwala, dothi nalo limalira, ndipo kaphokoso kofooka ka golide weniweni kamamira m'chisokonezocho. Yambani ndi Auto. Ngati dothi ndi lofatsa, yesani Auto+. Posankha nokha, kwezani mpaka makina atayamba kulongolola okha, kenaka bwererani sitepe imodzi kapena awiri.

Kafufuzidwe kali pawiri. Gold imatseka mawu a chitsulo chogwira maginito, pomwe Deep All-Metal imaliza chilichonse. Dzina la Gold limanyenga. Kuti makina asiyanitse msomali ndi golide amafunika kumva chinthucho bwinobwino, ndiye kagolide kakang'ono kokwiririka m'dothi lachitsulo kawirikawiri kamaoneka ngati chitsulo ndipo makina amakatseka pakamwa. Fufuzani ndi Deep All-Metal, ndipo Gold muziigwiritsa ntchito pokhapokha pamalo pamene zinyalala zachitsulo zachuluka mosapiririka, monga pa msasa wakale.

Pagalasi pali timizere timene timathamangira kumanja chinthucho chikakhala kuti mwina ndi golide, ndi kumanzere chikakhala chitsulo wamba. Mawu ofunika ndi akuti "mwina". Mtovu, mkuwa, chikhungwa cha chipolopolo, kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kachidutswa ka chitini cha chakumwa, zonsezi zimapita kumanja. Palibe ditekita padziko lapansi imene imadziwa golide motsimikiza. Timizereto tikamavinavina uku ndi uku, palani dothi lapamwamba masentimita awiri kapena atatu ndi phazi kapena piki, muyesenso. Phokoso likakula ndipo timizere tikakhazikika kumanja, kumbani.

Koyilo iziyenda chafufumimba, yogona bwino, ikukhudza nthaka pang'ono. Kuikweza kumapeto kwa mkono uliwonse, ndiye kuti ulendo uliwonse woipititsa kumanzere kapena kumanja, ndi chizolowezi choipa chimene chimataya golide wambiri, chifukwa mphamvu imene imabwerera kuchokera ku kachidutswa kakang'ono imatsika mofulumira kwambiri: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvuyo itha kuchepa mowirikiza mpaka ka 60. Kam'bulu kolemera magalamu 0.1 n'kotambalala pafupifupi mamilimita 2 okha, ndipo kamamveka pa masentimita owerengeka chabe. Ka galamu imodzi sikafika n'komwe mamilimita 5, ndipo m'dothi lofatsa mungakamve pa masentimita 10 mpaka 15 zikakuyenderani. Amene akukuuzani kuti Gold Monster imafika mamita awiri akunena za mgolo wokwiriridwa, osati golide. Yendani pang'onopang'ono, mkono uliwonse uzibwereza theka la pamene wadutsa wapitawo. Ndi koyilo ya mainchesi 5, ndiye kuti sitepe iliyonse ikhale masentimita 6 kapena 7 basi. Malo a mamita 10 mbali zonse amadya nthawi yaitali mukawafufuza moyenera, ndipo ndi bwino kuwadula ndi chingwe kuti mudziwe pamene mwadutsa.

Potulutsa chinthucho, dutsitsani koyilo mopingasa kuchokera mbali ziwiri kuti mupeze pakati. Kumbani mozungulira, osati pamwamba penipeni, kuti piki isaphwanye m'bulu. Ikani maginito amphamvu pamutu pa piki kuti azitola timisomali ndi mchenga wakuda. Phokoso likachoka m'dzenje n'kupita pa mulu, tapani dothi ndi kapu yapulasitiki, muidutsitse pamwamba pa koyilo, mugawe pawiri, mutaye mbali yosalira, mpaka patsale kadothi kochepa. Musadutsitse dothi ndi dzanja lenileni: makinawa amamva kwambiri moti mchere wa m'thupi mwanu umawaliza. Vulani mphete ndi wotchi. Majombo okhala ndi chitsulo kuphazi amaliza koyilo pa sitepe iliyonse, valani a labala. Mukamaliza kwirirani dzenje, ng'ombe za eni ake zimathyoka miyendo m'maenje otere ndipo ndi pamene milandu imayambira.

Pamene imavutika

Mdani wamkulu ndi dothi lofiira lodzala chitsulo, mchenga wakuda wa m'mitsinje, ndi miyala ina imene imalira ngati chitsulo. Pamalo otere makina amalira mosalekeza ndipo mumakakamizika kutsitsa mphamvu mpaka kuya kwake kutachepa kwambiri. Mwala wolira mumauzindikira chifukwa phokoso lake ndi lotambalala, lopanda pakati penipeni, ndipo mukaukankha ndi phazi phokosolo limapita nawo. Nyengo ya dzinja katondo wonyowa amalira kuposa wouma, choncho malo amene anakukanikani mu February muwayesenso mu September, udzu utapsa. Makala a moto wa kutchire nawonso nthawi zina amaliza makina amtundu umenewu.

Gold Monster ilibe kaphokoso kapansipansi kosalekeza kamene akatswiri amakonda kumvetsera kuti azindikire kusintha kochepetsetsa, ndipo simungakonze nokha mlingo wa dothi ndi dzanja. Kwa woyamba ndi mpumulo, koma munthu akazolowera amayamba kumva kuti makina akumuganizira zambiri. Palinso vuto lakuti mukadutsitsa koyilo kambirimbiri pamwamba pa kachinthu kofooka, makina atha kukayesa dothi n'kukafafaniza. Zikatero pitani pambali, mukweze ndi kutsitsa koyilo pa dothi loyera, mubwererenso.

Kulira kopanda chifukwa kawirikawiri kumachokera ku zinthu zitatu: chingwe cha koyilo cholendewera, mchenga wakuda umene walowa pakati pa koyilo ndi chivindikiro chake chapansi, kapena magetsi apafupi. Kulungani chingwe mothina pa ndodo ndi kuchimanga, koma musiye kampata pafupi ndi koyilo kuti chisakokeke ikamapendama. Chivindikiro muzichichotsa n'kuchitsuka. Foni izimitseni kapena ikhale kutali, ndipo pansi pa mawaya a ESCOM musayembekezere bata. Anthu awiri okhala ndi makina ofanana atalikirane mamita angapo.

Malo amene imachita bwino ndi m'ming'alu ya thanthwe la pansi pa mtsinje wouma, m'munsi mwa mitsetse ya miyala yoyera ya quartz pamapiri, ndi pa milu ya miyala imene okumba anataya. Imathandizanso kusankha miyala yoti ikaperedwe: dutsitsani mwala umodziumodzi pa koyilo yaing'ono. Koma mwala wosalira sindiye kuti mulibe golide, atha kukhalamo waufa.

Ngati chimene chinakukopani ndi ndalama zakale

Ena sanakopeke ndi Australia koma ndi mapulogalamu a ku Britain ndi ku America, monga sewero la Detectorists la BBC kapena The Curse of Oak Island, kumene anthu amatola ndalama zakale, mabatani ndi mphete. Pa ntchito imeneyo Gold Monster si yoyenera. Ilibe manambala osiyanitsa mitundu ya zitsulo, ndipo pabwalo la mpira kapena pagombe la nyanja idzakukumbitsani kachidutswa kalikonse ka aluminiyamu. Makina ngati Minelab Vanquish, Nokta Simplex kapena Garrett ACE ndi otchipirapo ndipo anapangidwira zimenezo.

Dziwaninso kuti chizolowezichi ku Britain chimayenda chifukwa pali dongosolo. Lamulo la Treasure Act la 1996 limalamula wopeza chuma chakale kukanena pasanathe masiku 14, ndipo nyumba yosungira zakale ikachifuna, mphotho imagawidwa pakati pa wopeza ndi mwini munda. Ndi mmene zinayendera ndi Staffordshire Hoard, golide woposa makilogalamu 5 amene anapezeka m'munda mu 2009. Ku Malawi zinthu zakale zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, ndipo kukumba pamanda, pamalo a mbiri kapena kugwetsa zipilala za oyeza malo pofuna "chuma cha Ajeremani" ndi mlandu. Golide nayenso ali pansi pa lamulo la Mines and Minerals Act la 2023: kukhala ndi ditekita si chiphaso, ndipo chilolezo cha amfumu kapena mwini munda, ngakhale n'chofunika, sichilowa m'malo mwa laisensi ya boma. M'nkhalango zotetezedwa musayerekeze. Pogulitsa, Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021 kudzera ku Export Development Fund. Amene mukufufuza cha kumalire a Zimbabwe ndi Mozambique, kumene kunali nkhondo, chinthu chachikulu chikalira musamenyepo piki mwachisawawa. Mabomba okwiriridwa amaliranso ngati chitsulo china chilichonse.

Pogula

Makina a Minelab abodza alipo ambiri, makamaka chiyambire pamene anthu anakhamukira ku golide wa ku Sudan cha m'ma 2009. Kunja amafanana kwambiri ndi enieni, mpaka bokosi ndi kabuku komwe. Mtengo ukakhala theka la umene ogulitsa ovomerezeka akutchula, kayikirani. Mndandanda wa ogulitsa ovomerezeka uli pa webusaiti ya kampaniyo, ndipo nambala ya makina mutha kuitsimikiza kwa iwo musanapereke ndalama. Pewaninso zida za tinyanga tozungulira zimene amati zimaloza golide pa mtunda wa makilomita. Sizigwira ntchito, kaya zikhale ndi magetsi angati ophethira.

Kaya mukugula atsopano kapena ogwiritsidwapo kale, pitani ndi choyesera. Dulani kachidutswa ka mtovu kolemera magalamu 0.1 mpaka 0.2, mukamate ndi tepi pa kapepala kolimba. Mtovu umaliza makina mofanana kwambiri ndi golide wa kukula komweko. Ndi koyilo yaing'ono pa Auto, makina enieni ayenera kukamva momveka bwino pa masentimita angapo, timizere tikupita kumanja. Yesaninso msomali, timizere tipite kumanzere, ndipo pa Gold phokoso lizime kapena lidukeduke. Gwedezani chingwe pafupi ndi pulagi ndi pafupi ndi koyilo: chikalira pamphamvu yapakati, waya wathyokera m'kati, ndipo koyilo yatsopano muyenera kuitanitsa kunja. Yang'anani makutu a koyilo pamene pamalowa bawuti ngati alibe ming'alu, ndipo tsegulani malo a batire muone ngati mulibe dzimbiri lobiriwira. Kachoyesera komweko mukasunge m'thumba. Mukafika kumalo atsopano, kakwirireni masentimita atatu m'dothi la pamenepo, ndipo ngati makina sakukamva pamphamvu imene dothilo likulola, malowo akufuna makina amtundu wa GPX kapena beseni.